Chikole Chonunkha cha ku Bintulu

Dennistoun, Glasgow
8 Okutobala 2023

Achemwali anga a Rozina,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja wasiya kukuvutani. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwalawirira chaka chino. Masamba a m'paki ya Alexandra ayamba kale kuyoyoka.

Ndisanalowe m'nkhani imene munandituma, ndiloleni ndikukumbutseni kanthu. Munali mu 1986, ine ndili Fomu 2 kusukulu yogonera konko. Loweruka lina munabwera kudzandiona mutasenza dengu la matemba a ku Kachulu. Munaima pachipata, pansi pa mbawa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo. Anyamata ankadutsa atagwira mphuno, akukuwa kuti, "Chilwa wabwera!" Ine sindinapezeke. Munasiya kamtolo kanga kwa mlonda n'kubwerera, ndipo patchuthi ndinakuuzani kuti ndinali mulaibulale. Tsiku limenelo lakhala likundibwerera paulendo wonse umene ndayendawu.

Paja mu Ogasiti, mwana wanu Misozi atakuuzani za mnyamata amene akufuna kumanga naye banja, munati nkhani ya ukwati sikambidwa pafoni ngati mtengo wa feteleza. Munati ine malume wake ndipite ndikaone kwawo kwa mnyamatayo ndi maso anga, ndikulembereni ndi dzanja langa. Ndapita, achemwali. Tinakhala ku Malaysia masabata awiri, ine, Misozi ndi Rowland mwiniwakeyo.

Rowland mwamuona pazithunzi. Anabwera kuno kudzaphunzira zomanga milatho kuyunivesite ya ku Hillhead, ntchito anaipeza konkuno. Ndi mnyamata wofatsa, woseka msanga. Vuto lake ndi limodzi: dziko lawo chigawo chilichonse chili ndi chakudya chimene eni ake amachinyadira, ndipo iye anafuna kuti ine ndilawe zonse.

Tinayambira mumzinda waukulu wa Kuala Lumpur. Pamsika wina mayi wochokera kuchigawo cha Kelantan anandipatsa mpunga wabuluu ngati inki. Amati nasi kerabu, ndipo mtunduwo umachokera ku duwa lina. Pambali pake anathira msuzi wa nsomba zimene zakhala m'mtsuko wa mchere miyezi yambiri. Ndinadya mpungawo nditatsinzina. Madzulo ake anandigulira chipatso chaminga chotchedwa durian, chachikulu ngati mutu wa mwana. Achemwali, ganizani chimbudzi cha pamsika wa Jali m'mwezi wa Novembala, wina atathiramo shuga. M'mahotela amaletsa kulowa nacho. Ndinaika pakamwa kachidutswa kofewa ngati phala, kenako ndinalavulira mumpango, mpangowo n'kutaya.

Pachilumba cha Penang amanyadira asam laksa. Ndi msuzi wa nsomba yophikidwa mpaka kuphwanyika, wowawasa ngati muli bwemba, muli tizingwe toyera ta ufa wa mpunga, ndipo pamwamba amathira phala lakuda lonunkha ngati madzi otsalira m'bwato. Supuni yoyamba inandibwerera pakhosi. Yachisanu ndi chimodzi ndinaimeza bwinobwino, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti zinasinthira pa supuni iti.

Kenako tinaoloka nyanja pandege kupita kwawo kwenikweni, ku Sarawak, kufupi ndi tauni ya Bintulu. Bambo ake anamwalira. Mayi ake samawatchula dzina, amawaitana ndi dzina la mwana monga kwathu. Onse amati Indai Rowland, ndiye kuti make Rowland. Ndi mayi wamfupi, wa tchalitchi cha Angilikani, ndipo pakhomo pake m'posesa bwino. Atamuona Misozi anamugwira masaya ndi manja onse awiri, n'kumukokera kukhitchini osatipatsa n'komwe moni enafe.

Kumeneko anatipatsa umai, nsomba yaiwisi yoduladula, yongoviika m'madzi a mandimu ndi tsabola ndi anyezi, yosaona moto. Ndinadya chifukwa maso onse anali pa ine. Anabweretsanso mphutsi zonenepa ngati chala chachikulu, za m'thunthu la mtengo wina wonga kanjedza, zikuyenda m'mbale. Zamoyozo ndinakana. Yowotcha ndinadya imodzi, ndipo inandiphulikira m'kamwa. Koma chakudya chimodzi ndikanakonda mutalawa. Amaduladula nkhuku, kuiika m'nsungwi yaiwisi, kutseka kukamwa kwa nsungwiyo ndi chigwada, chigwada chathu chomwechi, n'kuitsamiritsa pamoto. Amati pansoh. Atatsegula, fungo la chigwadalo linandikumbutsa malemu mayi athu, ndipo misozi italengeza m'maso ndinanamizira tsabola.

Mawu anga monga malume ndi awa: anthu aja ndi abwino, mwana wathu sakazunzika.

Potsanzikana, Indai Rowland anandipatsa phukusi lanu. Ndi chinthu chooneka ngati njerwa, amati belacan, ndipo akuti amathira m'ndiwo. Zambiri sindinafunse chifukwa ndinali nditabana mpweya. Ndalipereka kwa Mayi Tusekelege Gwanda a kutchalitchi kwathu kuno, amene ananyamuka Lachiwiri kupita ku Zomba. Ndinkafuna kalatayi ipite nalo limodzi, koma mukundidziwa polemba, ndinali ndisanamalize. Ibwera papositi.

Mlongo wanu,
Goodwill

*

Jali, Zomba
19 Okutobala 2023

Goodwill mlongo wanga,

Moni. Kuno tilipo, mwendo ukuyesera. Kutentha ndiye kwanyanya.

Kalata yako ili kuti? Ndinakutuma kuti ukaone anthu undilembere. Chimene chafika ndi phukusi lili ndi kapepala ka mawu anayi: "Kuchokera kwa make Rowland."

Mayi Gwanda anabwera nalo okha pagalimoto, ataliika kumbuyo kwenikweni, mawindo onse ali otsegula. Akuti zovala zonse za m'sutukesi anachapa kawiri, mpaka chikuto cha Baibulo. Ine ndinkaganiza kuti akungokokomeza.

Ndipo ndinalakwa pamodzi. Nditamva kuti kukubwera mphatso ya asewere, ndinaitana amayi a Mvano asanu ndi amayi abusa kuti adzaone. Ndinkati mwina ndi nsalu. Ndinayala mkeka pakhonde, ndinavala bwino. Tinachotsa pulasitiki yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Kenako nyuzipepala ya mawu osawerengeka. Kenako tsamba louma. Pofika patsambalo n'kuti amayi awiri ataima kale kubwalo. M'kati munali chinjerwa chofiirira ngati ndowe zouma. Ntchentche za m'mudzi wonse zinafika ngati zaitanidwa ndi belu. Galu wa a Zangaphee oyandikana nane anabwera n'kuyamba kudzigubuduza pamkeka wanga. Amayi abusa anangoti, "Vindikirani, amake Misozi, tipemphere."

Goodwill, ndagwira nsomba zaka makumi anayi. Ndikudziwa nsomba youma, ndikudziwa nsomba yowamba, ndikudziwanso chinthu choola. Ichi n'choola. Ndiye pali ziwiri. Mwina anthuwo anamva kuti mayi wa mtsikana ndi wogulitsa matemba, n'kuganiza kuti chomuyenera ndi zoola. Apo ayi ndi mankhwala omangira mwana wanga, ndipo akufuna agone m'nyumba mwanga kuti agwire bwino. Ndinadulako kangodya kuti ndikaonetse odziwa.

Iwe ukudziwa mwambo. Chinthu chochokera kuchimuna pankhani ngati iyi ndi chikole. Ukachisunga ndiye kuti wavomera. Ndachikulunganso m'tsamba lake ndi nyuzipepala yake n'kumanga ndi chingwe, mapulasitiki ndinatentha. Mayi Gwanda avomera kubwerera nacho nditawachonderera kwambiri. Ukawauze eni ake kuti make Misozi wabweza.

Misozi sindimuyankha pafoni mpaka nditamva kwa iwe.

Ndine mchemwali wako,
Rozina

*

Dennistoun, Glasgow
11 Novembala 2023

Achemwali,

Moni wa kuno. Ndalandira kalata yanu pamodzi ndi phukusi. Mayi Gwanda anandipatsira pakhomo la tchalitchi Lamulungu, atalitambasulira kutali ngati agwira khoswe wakufa, ndipo anati ndisadzawatumenso china chilichonse kufikira Yesu adzabwere. M'basi yobwerera ku Duke Street, mayi amene ndinakhala naye pampando ananyamuka n'kukaima pafupi ndi dalaivala. Sindinamuimbe mlandu. Inenso ndinkapumira pakamwa.

Cholakwa ndi changa. Zengerezu adalinda kwawukwawu: ndinakhala masiku asanu ndikusalaza ziganizo, phukusi n'kupita lokha lopanda mkamwa. Chonde dikirani kalata yanga ya Okutobala, mudzaona kuti si chipongwe ndipo si mankhwala.

Ana sindinawauze. Rowland amabwera ndi Misozi Lamulungu lililonse masana, ndipo asanavule n'komwe jekete amafunsa kuti, "Ankolo, kodi amayi alandira?" Akuti amake amamufunsa zomwezo pafoni. Ndamuuza kuti Jali ndi kutali ndi msewu wa tala, zinthu zimachedwa. Misozi akudabwa kuti simukuyankha foni, ndamuuza kuti mwina batire yafa.

M'nyumba sindikanatha kulisunga. Nyumba zathu zino ndi zosanjikizana, mabanja asanu ndi atatu timakwera masitepe amodzi, ndipo kunsi kwa masitepewo kuli kakabati ka matsache. Ndalibisa mmenemo kuseri kwa ndowa. Likhala pomwepo mpaka mutasintha mtima, chifukwa ine sindingathe kulinyamula kukaliika m'manja mwa mnyamata uja.

Mlongo wanu,
Goodwill

*

Jali, Zomba
2 Disembala 2023

Kwa amalume ake a Misozi,

Moni. Mvula yagwa, tadzala.

Makalata anu onse awiri afika sabata imodzi. Ya Okutobala ija yayenda masabata asanu ndi awiri, kaya inadzera kuti. Munati ndikaiwerenga ndisintha mtima. Ndaiwerenga kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinasiya chakudya.

Ndinakutumani kukaona anthu, inu munakaona mbale. Za mayiyo mwalemba mizere inayi. Zotsalazo ndi mpunga wa inki, chipatso cha kuchimbudzi, nsomba yosaphika, mphutsi. Mphutsi, Goodwill! Zoyenda! Ndipo mwalemba nokha kuti inakuphulikirani m'kamwa, ngati kuti ndi nkhani yoti munthu n'kuuza mchemwali wake. Inuyo amene kale munkatola mitu ya usipa m'mbale n'kuiika pambali.

Ndiye mukuti mwana wathu sakazunzika. Adzukulu anga adzadya chiyani? Ndikadzadwala Misozi n'kubwera kudzandisamala, adzandiphikira phala la mtundu wanji? Ndinamulera ndekha bambo ake atatisiya, ndinakupatsani ali ndi zaka makumi awiri kuti aphunzire unamwino. Sindinati mukamuzoloweze zoola.

Za nkhuku ya m'nsungwi ndamva. Chigwada n'chigwada, sichikwatitsa munthu.

Ndipo chinjerwacho inunso simukuchidziwa. Mwalemba nokha kuti munabana mpweya osafunsa. Mukufuna ine ndisunge m'nyumba chinthu chimene inu mwachibisa kwa matsache?

Mawu anga sanasinthe. Auzeni anawo, musawasunge m'bodza.

Funso limodzi. Za matemba a 1986 mwazikumbutsiranji?

Rozina

*

Pollokshields, Glasgow
7 Januwale 2024

Amayi anga okondedwa,

Muli bwanji? Mwendo uli bwanji? Foni simukuyankha, ndiye ndalemba. Mukhululuke ngati Chichewa changa cholemba chapindika.

Ndadziwa zonse, ankolo aulula. Pa Nyuwere masana tinapita kwa ankolo kukadya. Titangolowa pakhomo la pansi tinapeza anthu a m'nyumba zonse ataima pamasitepe, ena atatseka mphuno ndi masikafu. M'kakabati muja mumadutsa paipi ya madzi otentha, ndipo kuyambira Disembala fungo linkakwera mpaka nyumba yapamwamba. Mayi Christina, agogo a nyumba yapansi, anali atagwira tochi.

"Goodwill, bwera kuno mwanawe," anatero. "Anthu a gasi abwera kawiri, akuti si gasi. Ine ndikuti muli mphaka wakufa. Ndiwe wamtali, suntha ndowayo."

Ankolo anangoima. Ndiye Rowland anati, "Ndisuntha ine." Anagwada, analowetsa mkono, anatulutsa phukusi. Anayang'ana nyuzipepala ija, anayang'ana mmene chingwe chinamangidwira. Mayi Christina anati, "Ambuye! N'chiyani chimenecho? Kataye kubini, msanga!"

Rowland anayankha kuti, "N'cha amayi anga."

Sanakalipe. Analiika m'kati mwa jekete lake, anapepesa kwa anthu onse mmodzimmodzi, n'kutuluka. Ndinamupeza pa siteshoni ya sitima atakhala pabenchi, anthu atamutalikira mbali zonse.

Amayi, inenso tsiku loyamba kununkhiza belacan ndinathamangira kubafa. Sindikukuuzani kuti imanunkhira. Koma ndinaona mmene amapangira. M'nyanja yawo mumabwera tizilombo tochepa kuposa bonya, tokhala ngati tiana ta ziwala, ndipo timabwera nyengo yake yokha. Indai amakatigula kugombe m'mamawa, amatisankha, amathira mchere, amayanika pamphasa, amasinja mumtondo, amasunga mumtsuko, amayanikanso, amasinjanso. Katatu. Ndowa yodzaza imatulutsa kanjerwa kamodzi. Chaka chatha anapanga zitatu zokha: ya pakhomo, ya Rowland, ndi ina yaikulu. Yaikuluyo ndi imene munabweza. Iwo za chikole sazidziwa. Nditawauza kuti mayi anga amayanika nsomba, anaseka n'kundionetsa zikhatho zawo, zong'ambika ndi mchere ngati zanu, n'kunena kuti, "Ameneyo adzadziwa."

Sadya chonchi ngati chigumu. Mumadula kochepa ngati nsonga ya chala, kuwotcha pamakala, kusinja ndi tsabola ndi anyezi, n'kuthira m'ndiwo zamasamba.

Rowland sanawauze amake. Lamulungu lililonse amafunsabe.

Sindikwatiwa popanda mawu anu, ndipo Rowland akuti sangalowe m'banja la eni ngati wakuba. Koma kumusiya sindimusiya. Tinasungitsa masiku kutchalitchi, chinkhoswe pa 13 Julayi, ukwati pa 20. Abusa akuti tiwayankhe isanafike Isitala, apo ayi apereka masikuwo kwa ena.

Mwana wanu,
Misozi

*

Dennistoun, Glasgow
9 Januwale 2024

Achemwali,

Moni. Ndaika kalatayi mu envulopu imodzi ndi ya Misozi, iye wakufotokozerani zimene zachitika. Munandichenjeza kuti ndisawasunge m'bodza, sindinamve.

Munafunsa chifukwa chimene ndinakumbutsira matemba a 1986. Ndinayamba kulemba kuti ndiulule, mtima unandichepera, ndinasiyira panjira.

Sindinali mulaibulale. Ndinakuonani mukutsika matola, ndinamva anyamata akukuwa, ndipo ndinakabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinakhala pamenepo maola anayi ndikukuyang'anani mukusintha mwendo woimira. Mnzanga wina anafunsa ngati ndikumudziwa mayi wa nsombayo, ndinati ayi. Mutapita, mlonda anandipatsa kamtolo kaja. Sindinalowe nako kuhositelo. Ndinakakaponya m'dzenje la zinyalala kuseri kwa khitchini, ndinasamba m'manja ndi sopo kawiri.

Pa Nyuwere, mayi wachikulire uja atandiuza kuti ndisunthe ndowa, sindinasunthe, chimodzimodzi tsiku lija. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, ndimaphunzitsa masamu ana a eni, ndimalemba nkhani zolangiza m'kanyuzipepala ka mpingo, ndipo ndinaima phee pamasitepe kudikira kuti anthu aganize kuti chinthucho si changa. Mnyamata uja ananena mawu amene ine ndinalephera kunena pachipata chija, pamaso pa anthu ogwira mphuno, n'kuika chinthucho pachifuwa. Pazonse zimene zinandichititsa mseru ku Malaysia, palibe chimene chandinyansa ngati mmene ndinadzionera tsiku limenelo.

Sindikukupemphani kuti musinthe mawu chifukwa cha ine. Munafunsa, ndayankha.

Mlongo wanu,
Goodwill

*

Jali, Zomba
17 Febuluwale 2024

Goodwill,

Moni. Chimanga chamasula, koma mvula yadula.

Iwe, thanki ija inali pamiyendo yachitsulo. Nsapato zakuda zimene ndinakugulira ku Zomba zinkaoneka bwinobwino kunsi kwake. Ukuganiza kuti ndinaima maola anayi chifukwa chokonda mbawa? Ndinkadikira kuti nsapatozo ziyende. Ndinakukhululukira ndisanafike n'komwe pa Jali. Unali mwana.

Koma zoti unataya sindinkadziwa. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti ngakhale anachita nane manyazi, anadya. Matemba amenewo sanali a pamsika. Ndinasankha akuluakulu okhaokha, ndinayanika masiku anayi pathandala kuti asakhudze pansi, ndikuingitsa ntchentche ndi nthambi. Nditawerenga kalata yako ndinakhala pakhonde tsiku lonse osagwira kanthu. Ndinakutukwana, ndikuuze. Kenako ndinatenganso kalata ya Misozi, ndinafika paja akuti mayi uja amafunsa Lamulungu lililonse.

Kangodya kamene ndinadula kaja sindinakaonetse munthu, ndinachita manyazi. Kanali m'chitini kudenga la khitchini. Lachitatu ndinakatsitsa. Ndinachita monga analembera Misozi. Nditakaika pamakala, nkhuku zinathawa pabwalo. A Zangaphee anakuwa ali kuseri kwa mpanda kuti, "Amake Misozi, mukuwotcha nsapato kapena mwapha chiyani?" Ndinati samalani galu wanu. Ndinasinja ndi tsabola ndi anyezi, mpango uli kumphuno, ndinathira mu nkhwani.

Sindinena kuti n'zokoma. Ndingonena kuti mphika unatha ndipo ndinali ndekha.

Koma chimene ndikufuna umve ndi ichi. Ndinatafuna dala pang'onopang'ono, kufunafuna mchenga. Ndinaphwanya kotsalako ndi zala padzuwa. Mulibe. Ngakhale kamodzi kolira padzino. Iwe sungadziwe, koma aliyense amene anayanikapo tinthu tating'ono kugombe akudziwa kuti mchenga sutuluka wokha. Munthu amakhala chowerama mpaka msana kuuma. Wachipongwe sachita zimenezo. Wamankhwala sachita zimenezo. Mayi ameneyu ndi waukhondo kuposa ine, ndipo ine ndinamuitanira amayi a Mvano kuti adzamugwirire mphuno.

Uuze abusa a kumeneko asunge masikuwo. Uuze Rowland asunge njerwa yanga, ndi yanga, asadyeko. Amake asawauze bodza ndipo asawauze zoona, ndidzawauza ndekha pamaso, Misozi adzamasulira. Ndikufuna kuona manja awo.

Za mphutsi ndi nsomba yaiwisi mawu anga ndi omwe aja. Zisadzaoneke pachinkhoswe. Chipatso chija chisadzayandikire n'komwe.

Positi sindikuikhulupiriranso. Amayi abusa ajambula kalatayi pafoni yawo kuti ifike lero. Aiwerenga yonse, ndikuwadziwa.

Mchemwali wako,
Rozina

*

Jali, Zomba
25 Meyi 2024

Goodwill mlongo wanga,

Moni. Takolola zochepa, koma tilipo.

Chiphaso chatuluka. Ndinapita ku Lilongwe kawiri, anandijambula zala zonse khumi, ndipo makina awo anavutika kuwerenga chifukwa mizere inatha ndi mchere. Tikiti imene watumiza ndaiona. Ndinyamuka pa Chileka Lachitatu pa 10 Julayi, ndifika ku Glasgow Lachinayi pa 11 masana. Misozi akuti Indai Rowland afika Lachiwiri, ndipo Lachisanu tidzakhala awiri m'khitchini ya ku Pollokshields. Akuti nsungwi yaiwisi kumeneko kulibe, ndiye mayiyo akudandaula za nkhuku yake. Umuuze asadandaule, chigwada chouma ndibweretsa ine, tidzaona chochita.

Jekete ndabwereka kwa amayi abusa. Tambala ndi thadzi za pachinkhoswe usaiwale, ndiwe nkhoswe, usadzayambe kusalaza ziganizo tsiku litafika.

Ndinapita ndekha ku Kachulu dzana kukagula matemba. Ndasankha akuluakulu okhaokha, ali pathandala tsiku lachitatu lero. Mayi Gwanda akuti nsomba zouma amalola kulowa nazo. Mtolo waukulu ndi wa Indai Rowland, ndipo akagwira mphuno sindidzakwiya. Wachiwiri ndi wako.

Ndikadzatuluka pachipata cha bwalo la ndege, ndidzakupeze utaima kutsogolo, poonekera. Thumba la matemba udzanyamula ndiwe. Ndipo usabwere ndi takisi, tidzakwera basi.

Mchemwali wako,
Rozina